Mmene gulu lathu linapezera chiphaso cholimira chamba cha mafakitale

Ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi kuno ku Kasungu, ndipo ambiri mwa ife tinakulira m'chigafa cha fodya. Anthu akhala akundiimbira kufunsa kuti chiphaso cholimira chamba cha mafakitale chimatengedwa bwanji, ndiye ndati ndifotokoze njira yonse monga tinayendera ife.

Poyamba tizimvana za chamba chomwe ndikunena. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act mu February 2020. Lamuloli linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, lomwe ambiri timangoti CRA. Chamba cha mafakitale ndi chija chimene mphamvu yoledzeretsa, yotchedwa THC, siyipitirira 1 peresenti. Njere zake amayengera mafuta, tsinde lake limatulutsa ulusi. Kusuta chamba ndi mlandu mpaka lero, ndipo kudzala popanda chiphaso ndi mlandunso.

Ntchito yoyamba sinali ya ku ofesi ayi. Inali ya pabwalo la a gulupu. Titangotchula mawu oti chamba, amayi ena achikulire anaimirira nkunena kuti, "Afumu, ana athu atha kale ndi kachasu, lero mukufuna mutibweretsere ichi pakhomo?" Sindinawaone olakwa. Tinaitana alangizi a zaulimi kuti afotokoze, ndipo anakumbutsa anthu kuti mbewuyi inayesedwa kwa zaka zingapo ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze boma likuyang'anira, kuyambira 2015, chaka chomwe a Boniface Kadzamira, amene anali phungu wa Ntchisi North, anaiyambitsa nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo anzawo nkumawaseka. A gulupu atamva zimenezi anavomera kutilembera kalata yotsimikiza kuti malowo ndi athu ndipo palibe mkangano. Musaidumphe mfundo imeneyi. Munda wa chamba womwe mudzi sukuufuna, ngakhale mutautchinga ndi waya wa magetsi, simugona tulo.

Kenaka mapepala. Ife tinafunsira chiphaso ngati gulu, choncho tinalembetsa kopaletivu yathu kwa mlembi wamkulu wa makopaletivu ku unduna wa zamalonda, nkukatenga nambala ya msonkho ku MRA, nkutsekula akaunti ku banki. Atsogoleri tonse tinakadinditsa zala ku polisi kuti titenge kalata yosonyeza kuti tilibe mlandu. Pa fomu ya CRA tinaphatikizapo mapu a munda, ndondomeko ya bizinesi, ndondomeko ya chitetezo, ndi chikalata chosonyeza yemwe adzagule zokolola.

Ndalama ndi pomwe ambiri amabwerera. Mitengo yomwe boma linalengeza mu 2020 inali madola 2,000 a ku America pa chiphaso cha chamba cha mafakitale, ndi madola 10,000 pa cha mankhwala. Popeza mtengowu unali m'madola, kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtolowo unkangolemerabe pamutu pa mlimi. Funsani ku CRA mtengo wa lero musanayambe kusonkha. Ine maganizo anga ndi oti mlimi wa ekala imodzi payekha sangakwanitse, ndipo ngati dziko likufunadi kuti mbewuyi ilowe m'malo mwa fodya, monga ananenera a Lazarus Chakwera mu 2021, chiphaso chikuyenera kufika poti mlimi wamba nkuchifikira. Ife tinasonkherana titagulitsa soya ndi mtedza, ena mpaka mbuzi.

Oyendera a CRA anabwera kudzaona munda chiphaso chisanatuluke. Anazungulira mpanda wonse, nkugwedeza mitengo yake kuti aone ngati ndi yolimba. Anafunsa za alonda a usiku, anaona loko wa pageti, analowa m'nyumba yosungiramo zokolola, ndipo anatiuza kuti tikhale ndi kaundula wolembamo aliyense wolowa ndi wotuluka. Kaundulayo ndi buku lakuda lachikuto cholimba lomwe limakhala pageti, cholembera chake tinachimangirira ndi chingwe. Ngakhale wapampando akabwera, amalemba dzina ndi nthawi. Chiphaso chinatuluka pambuyo pa ulendowo, ndipo ndi cha nthawi yoikika, chikatha mumakachikonzanso.

Tsono mbewu. Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa pepala lija silimeretsa kanthu. Simungatape njere kwa munthu wa kudambo nkukadzala. Mbewu imayenera kukhala yovomerezeka, ndipo ikachokera kunja pamafunikanso chilolezo cha boma choilowetsera m'dziko. Koma ngakhale yovomerezekayo, funsani kuti inachokera kuti. Chamba chimayamba kuchita maluwa usiku ukatalika. Mitundu yambiri ya ku Ulaya inazolowera dzuwa la maola 15 kapena 16 m'chilimwe cha kwawoko, pomwe kuno tsiku silipitirira kwenikweni maola 13. Ikafika kuno imaona ngati nyengo yatha, nkufulumira kuchita maluwa ikadali yaifupi. Pa kamunda kathu koyesera, mtundu wina unachita maluwa usanafike ndi m'chiuno momwe. Wofuna ulusi pamenepo walephera kale, chifukwa ulusi umachokera ku tsinde lalitali.

Palinso mungu. Chamba chili ndi chachimuna ndi chachikazi, ndipo mungu wa chachimuna umauluka ndi mphepo mtunda wautali. Ngati wina wabisa chamba chamakolo m'chimanga chapafupi, mungu wake ungalowe m'munda mwanu, ndipo njere zomwe mungasunge zidzabereka chamba chokhala ndi THC yokwera. Nchifukwa chake sitisunga mbewu tokha. Zokolola zisanachoke m'munda, amatengako pang'ono kukayeza, ndipo zikapezeka kuti zapitirira mlingo wa 1 peresenti, sizigulitsidwa ngati chamba cha mafakitale. Thukuta la chaka chonse limathera pomwepo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi msika. Fodya, ngakhale mitengo yake imatiliza, timadziwa kuti tikamanga mabelo apita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Chamba chilibe okushoni. Kampani ina inabwera ndi malonjezo okoma, inatenga ndalama za maphunziro kwa alimi a magulu oyandikana nafe, koma nthawi yokolola itafika mafoni ake sankayankhidwa. Ndinaona ndi maso anga matumba ataunjikidwa m'nyumba, akuyamba nkhungu, mwini wake sangawagulitse kwa wina aliyense chifukwa lamulo silimulola kungopita nawo pamsika.

Ndiye amene mukufuna kuyamba, musathamangire fomu. Yambani mwapeza wogula, mumufunse chiphaso chake cha CRA, mukaone ndi maso komwe amayengera mafuta kapena kusungira katundu. Mgwirizano ulembedwe, utchule mtengo pa kilogalamu, tsiku lolipira, ndi yemwe adzasenze chitayiko ngati mbewu yomwe wakupatsani yekha yapezeka ndi THC yokwera. Ife chaka choyamba tinangodzala theka la ekala, kwina konse tinasiya chimanga ndi soya, ndipo chaka chinonso sitinaonjezere mpaka wogula wathu atamaliza kulipira zokolola zapitazo.