Loweruka la ma relay awiri

Lero galimoto yanga yakale yapeza ma hazard, magetsi ochenjeza aja amene ma indiketa onse amaphethira pamodzi. Inali ndi ma indiketa okha, ndipo maganizo oti tsiku lina idzandithimira usiku m'mbali mwa msewu, obwera kumbuyo osandiona, ankandisowetsa mtendere.

Mmawa ndinayamba ndi kusaka mawaya awiri a indiketa pansi pa chiwongolero, wa kumanzere ndi wa kumanja. Kiyi ali on, indiketa ikuphethira, ndinkagunditsa tesita pa waya mmodzimmodzi mpaka kababu kake kanayamba kuphethira nawo. Ndinawamata tepi ya mitundu iwiri, kenako n'kumasula mutu wa negative pa batire. Osadula waya batire ili yolumikiza, ngakhale manja akuyabwa chotani.

Nkhani yonse yagona pa mawaya awiriwa. Ma hazard amafuna kuti onse alandire moto limodzi, koma mukangowamanga pamodzi, pokhotera kumanzere galimoto iziphethira mbali zonse ndipo wakumbuyo sadziwa kumene mukulowera. Ena amaika ma diode, tizipangizo tolola moto kupita mbali imodzi yokha, ndipo zimatheka. Ine ndinasankha ma relay (maswichi oyendetsedwa ndi magetsi) awiri a mapini asanu, 30, 85, 86, 87 ndi 87a, imodzi mbali iliyonse, chifukwa pini ya 87a imathetsa vutoli mwaudongo.

Ndinadula waya wa kumanzere pafupi ndi ndodo ya indiketa, asanagawikane kupita kutsogolo ndi kumbuyo. Malo odulawa ndi ofunika kwambiri: mukadula atagawikana kale, babu lina litsalira. Mbali yopita ku mababu ndinaiika pa 30, yochokera ku ndodo pa 87a. Relay ikakhala phee, 30 ndi 87a zimagwirana, choncho indiketa imagwira ngati kale. Pa 87 ndinaikapo waya wochokera ku flasher yatsopano, kachipangizo kophethiritsa mababu. Kumanja chimodzimodzi. Mukadina swichi ya ma hazard, ma relay onse amadumphira ku 87, ndodo ija imachotsedwa mu mzere, ndipo moto sungabwerere kumene sukuyenera kupita.

Flasher imadya molunjika ku batire, osadutsa pa kiyi, poti ma hazard ayenera kuyaka injini itazima, kiyi ali m'thumba. Mababu anayi a 21W ndi 84W, pa 12V ndi ma amp 7, kuonjezerapo timababu ta m'mbali. Ndinaika fyuzi ya 15A pafupi penipeni ndi batire. Fyuzi yakutali imasiya waya wautali wopanda chitetezo, ndipo waya ameneyo akakhudza bodi amanyeka. Swichi yokha ilibe katundu wolemera: imangopereka moto ku 86 ya ma relay onse, 85 n'kupita ku earth (chitsulo cha bodi), ndipo ma coil awiri a m'kati mwa ma relay sakwana ngakhale amp imodzi.

Chimene chinandidyera nthawi ndi kulowetsa waya kuchokera ku injini kupita m'kati. Ndinatsata kabowo kokhala ndi labala, chifukwa chitsulo chopanda labala chimacheka waya pang'onopang'ono galimoto ikamanjenjemera. Ndinagona chagada, mutu pansi pa dashibodi, tochi kukamwa, ndikukoka nsonga ya waya ndi zala ziwiri. Cholumikizira chilichonse ndikachifinya ndi pulayala ndinkachikoka mwamphamvu. Chimodzi chinavuka, ndinachitaya n'kufinya china. Pa earth ndinapala penti mpaka chitsulo chinawala.

Madzulo ndinabwezera batire. Kiyi ali kunja, ndinadina swichi: tha! ma relay analira pamodzi, ngodya zonse zinayi n'kuyamba kuphethira. Ndinawerenga ndi wotchi ndipo kuphethirako kunali pakati pa maulendo 60 ndi 120 pa mphindi, mmene zimafunikira. Koma mtima unakhala pansi nditazimitsa ma hazard, n'kuyatsa kiyi, n'kukankhira ndodo kumanzere. Kunayaka kumanzere kokha. Kumanja nakonso kokha. Ndinayesanso kudina ma hazard ndodo ili kumanzere, ndipo mbali zonse zinaphethira mofanana, fyuzi osapsa.

Ma relay akadali lende pa mawaya awo. Mawa ndiwamangirira pa chitsulo, mapini ataloza pansi kuti madzi asamalowemo, ndipo ndilumikiza kababu kofiira ka m'swichi kuti kazioneka mu mdima.