Chiperoni chimachenjeza chisanafike

Mu Blantyre nyengo siikhala imodzi. M'mawa wa mu Juni munthu wa ku Chileka amatha kukhala akuothera dzuwa pamene wa ku Bangwe kapena ku Chigumula sakuona ngakhale mpanda wa neba wake chifukwa cha chifunga. Nkhani yagona pa kukwera kwa malo. Bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita osafika 800 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pakati pa tauni ndi mamita opitirira pang'ono 1,000, Limbe ndi yokwera kuposa apo, ndipo nsonga ya phiri la Ndirande imadutsa mamita 1,600. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera. Ndiye wayilesi ikanena kuti "ku Blantyre kuzizira", yanena zoona, koma siyinanene za pakhomo panu. Za pakhomo panu muyenera kuzitsatira nokha, ndipo sizifuna zida zodula.

Dzina loti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, m'chigawo cha Zambezia, mbali ya Milange. Anthu akale ankaona mitambo ikutulukira kumeneko. Koma gwero lenileni lili kutali. Mphepo yozizira ikadutsa ku South Africa, kumbuyo kwake kumabwera mpweya wolemera umene umakankha mphepo kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Mphepoyo imadutsa pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar n'kutenga chinyontho, ikafika kuno imagunda mapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba, imakakamizika kukwera, imazizira, chinyontho chija n'kusanduka chifunga ndi mvula ya mawawa. Ndi mphepo yomweyo imene asodzi a pa Nyanja ya Malawi amaitcha mwera. N'chifukwa chake mukamva a nthambi ya zanyengo akuchenjeza asodzi za mwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti, musati sizikukukhudzani poti mulibe bwato. Anulani zovala.

Chenjezo loyamba limatha kuchokera kwa m'bale amene ali ku Joni. Akakuuzani kuti ku Johannesburg kwazizira modetsa nkhawa, kapena mwaona pa nkhani kuti ku Lesotho kwagwa chipale, kawirikawiri kuno kumasintha pakatha masiku awiri kapena atatu. Chenjezo lachiwiri ndi mphepo. Mangani kansanza kopepuka pa nsungwi yaitali yopitirira denga, kutali ndi mitengo, ndipo dziwani mbali imene kuli Thyolo ndi Mulanje. Kansanzako kakayamba kuuluka mosalekeza kukankhidwa kuchokera mbali imeneyo, makamaka madzulo, chiperoni chili m'njira. Chachitatu ndi mapiri. Soche, Mpingwe ndi Bangwe amavala chipewa cha mtambo tauni isanadziwe kanthu. Mtambowo ukangokhala pansonga n'kusungunuka dzuwa likakwera, palibe nkhani. Ukayamba kutsika m'mbali mwa phiri masana, konzekani.

Mafoni ena ali ndi kachida koyeza kulemera kwa mpweya, ndipo pulogalamu yaulere ya barometer imaonetsa nambala yake. Kuno nambalayo imakhala cha m'ma 890 mpaka 900 hPa pakati pa tauni, kutsika pang'ono mukakwera ku Limbe. Apa anthu ambiri amasokonezeka pawiri. Poyamba, nambalayi imakwera ndi kutsika yokha tsiku lililonse, imakhala pamwamba cha m'ma 10 koloko m'mawa ndipo imatsika cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho kuyerekeza ya m'mawa ndi ya madzulo n'kudzinamiza. Muziwerenga ola lomwelo, malo omwewo, tsiku ndi tsiku. Kachiwiri, tinazolowera kumva kuti nambala ikatsika ndiye kuti kukubwera mvula. Zimenezo ndi za namondwe wa m'dzinja. Chiperoni chimabwera nambala ikukwera.

Choyezera mvula mungapange nokha. Pezani chitini kapena botolo la pulasitiki lodulidwa bwino, la kukamwa kozungulira kotambalala masentimita 10. Likhazikeni molunjika pabwalo, kukamwa kuli masentimita 30 kuchokera pansi, kutali ndi khoma kapena mtengo mtunda wosachepera kuwirikiza kawiri kutalika kwa chinthucho. Mvula ya chiperoni ndi yochepa moti rula siingaiyeze, ndiye gulani sirinji ya 20 ml ku famase. Pa kukamwa kwa masentimita 10, madzi okwana 8 ml ndi pafupifupi milimita imodzi ya mvula. Yezani 8 koloko m'mawa, monga amachitira a zanyengo, ndipo nambalayo muilembe pa tsiku la dzulo. Thermometer ipachikeni pamthunzi podutsa mphepo, msinkhu wa pachifuwa, osati yogunda khoma. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho mthunzi wokhalitsa uli kum'mwera kwa nyumba.

Zonsezi zilowe m'kope limodzi la ana asukulu: tsiku, kumene mphepo ikuchokera, mmene phiri likuonekera, kutentha kwa 6 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, mamilimita a mvula, ndi zimene a nthambi ya zanyengo ananena pa MBC, pa Zodiak kapena pa tsamba lawo la Facebook. Pakatha miyezi iwiri mudzayamba kuona kuti iwo akati madigiri akuti, kwanu kumakhala kutsika ndi angati. Kusiyana kumeneko ndi kumene palibe wina angakuuzeni. Ndipo dzanja likazolowera kulemba mamilimita awiri a mu Julayi, silidzavutika mu Malichi, pamene nambalazo zimakhudza moyo. Anthu a ku Chilobwe ndi m'munsi mwa Soche akudziwa zimene mvula ya masiku otsatizana inachita nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023.

Koma chiperoni pachokha sichigwetsa nyumba. Chimene chimapha anthu nyengo imeneyi ndi mbaula.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Pali chikhulupiriro chofala chakuti makala akasiya kufuka n'kufiira psuu ndiye kuti sangavulaze, ndipo chikhulupiriro chimenechi chaika anthu m'manda. Makala ofiira amatulutsabe mpweyawo, ndipo mpweya wabwino ukamachepa m'chipinda ndi pamene amautulutsa wochuluka. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi pamalo pamene pamayenera kukhala oxygen. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene ambiri amaziyesa malungo kapena kutopa, kenaka amagona tulo tosadzuka. Chizindikiro chachikulu ndi ichi: anthu awiri kapena atatu a m'chipinda chimodzi akadandaula mutu nthawi imodzi, musafunenso mankhwala, tulukani panja.

Ndiye lamulo lake ndi losakambirana. Mbaula iyatsidwe panja kapena pakhonde. Ngati mukuothera m'nyumba, chitseko kapena zenera likhale lotsekula ndithu, osati kamng'alu, ndipo aliyense akhale maso. Nthawi yogona ikakwana mbaula ituluke, ngakhale mwatsala phulusa lofunda lokha. Alonda a usiku ogona m'tinyumba ta pageti ndi amene ali pa chiopsezo kwambiri, chifukwa kanyumbako n'kakang'ono ndipo amakhala okha. Ngati muli ndi mlonda, jekete yokhuthala, chipewa ndi tiyi wa m'fulasiki ndi udindo wanu. Mukapeza munthu wakomoka pafupi ndi mbaula, tsekulani zitseko zonse, mutulutseni, mugonekeni chammbali ndipo thamangani naye kuchipatala, ku Queens kapena chilichonse chapafupi, chifukwa akufunika oxygen. Musamumwetse mkaka. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu, ndipo munthu wokomoka atha kutsamwa nawo. Ngakhale atatsitsimuka pabwalo n'kunena kuti ali bwino, apitebe.

Pofuna kufunditsa bedi pali njira yopanda ngozi. Thirani madzi otentha, osati owira, m'botolo lolimba lotseka bwino, likulungeni m'chitenje, liikeni kumiyendo. Tsekani mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli mbaula itatuluka kale. Ogona pansi ayale makatoni kunsi kwa mphasa kapena matiresi, pakuti simenti imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse.

Ana aang'ono ndi agogo ndi amene chisanu chimawapeza msanga. Khanda livale zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza, chipewa ndi masokosi, ndipo thewera lonyowa lichotsedwe nthawi yomweyo. Lobadwa masiku osakwana limafunda bwino pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, atakulungidwa limodzi. Chimfine chimachuluka miyezi imeneyi, ndipo chofunika n'kudziwa pamene chasanduka chibayo. Mwana atakhala phee, osalira, vundukulani pamimba n'kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya foni. Wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kupitirira, wa miyezi iwiri mpaka chaka ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu ka 40, kumeneko ndi kupuma mwachangu. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, musadikire kuti kuche bwino kapena mvula ikate.

Chiperoni chimafikanso pa nthawi yoipa kwa chimanga. Meyi ndi Juni ndi pamene matumba akubwera kuchokera kumudzi, ndipo ambiri amamaliza kuumitsa pabwalo la m'tauni. Chimanga chosunga chimafuna chinyontho cha 13 peresenti kapena kutsika. Chikapitirira apo chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo sachoka ngakhale muphike nsima motani. Mvula ya mawawa ndi yachinyengo chifukwa siimveka padenga. Munthu amadzuka n'kupeza chimanga chimene anayanika pa tenti chanyowa usiku wonse. Kansanza kaja kakangosonyeza kum'mwera chakum'mawa, lowetsani chimanga, koma musachisiye chounjika m'thumba. Chiyaleni mopyapyala m'chipinda chodutsa mphepo n'kumachitembenuza. Pofuna kudziwa ngati chauma, kazingani mchere pang'ono kuti uume, uzizire, tengani botolo lagalasi louma, thirani chimanga kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mcherewo, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, dikirani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Musachitsekere m'matumba a PICS chili chotero, chifukwa thumba losalowa mpweya limatsekera chinyonthocho momwemo. Matumba akhale pa matabwa, osagunda khoma. Mtedza nawo ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa.

Amene muli ndi sola mukudziwa kuti masiku a chifunga panelo imapereka mphamvu yochepa kwambiri, nthawi zambiri yosafika ngakhale kotala. Chimene chimafa ndi batire. Batire ya asidi ya 12V ikadzaza imaonetsa cha m'ma 12.6 itapuma, ndipo ikafika 12.1 ndiye kuti yatsala theka. Kuitsitsa kupitirira apo masiku atatu otsatizana kumaifupikitsa moyo. Tsiku loyamba la chiperoni zimitsani TV, musiye magetsi owunikira ndi kutchaja foni basi.

Pamsewu, makamaka wa ku Thyolo kudutsa Bvumbwe ndi wa Midima, chifunga chimatha kutseka mwadzidzidzi. Yatsani magetsi a galimoto ounikira pansi. Akuluakulu aja amagunda chifunga n'kubwerera m'maso mwanu. Mvula yowaza yoyamba pambuyo pa masabata ouma imasakaniza fumbi ndi mafuta pa tara, msewu n'kuterera kuposa nthawi ya mvula yamphamvu, ndipo a kabaza ya njinga yamoto ndi amene amagwa kwambiri akamanga buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi. Ana opita kusukulu m'bandakucha avale chinthu chowala.

Denga nalo limayankhula nyengo imeneyi. Pamene padontha m'kati mwa mvula ya mawawa, lembani ndi choko pa mtanda, chifukwa bowo lolowetsa madontho mu Julayi lidzalowetsa ndowa mu Januwale, ndipo nthawi yokonza ndi Ogasiti ndi Seputembala. Koma malata akamadontha paliponse m'bandakucha kumwamba kuli mbee, si kuthonya. Ndi nthunzi ya m'nyumba, ya kupuma, kuphika ndi zovala zoyanika mkati, imene yagunda lata lozizira. Mankhwala ake ndi kutsekula mazenera masana.

Chiperoni chimatenga masiku awiri mpaka anayi, nthawi zina sabata. Usiku wozizira koposa si wa mkati mwake, chifukwa mitambo imakhala ngati bulangete. Ndi usiku woyamba mitambo itachoka, mphepo itadeka, nyenyezi zili ngwee. Kutentha konse kwa nthaka kumathawira kumwamba, ndipo malo otsika a m'mbali mwa Mudi, Naperi ndi madambo ena ndi amene amazizira kwambiri, pakuti mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi. Oweta anapiye asamale usiku umenewu. Sabata yoyamba anapiye amafuna madigiri 32 mpaka 35, n'kumatsitsa pafupifupi madigiri atatu sabata iliyonse. Mukawapeza ataunjikana pamodzi akulira mokweza, akumva chisanu, ndipo a pansi amafa chifukwa chopsinjidwa. Tchingani mbali ya kum'mwera ndi kum'mawa kwa khola ndi masaka, musiye mpata pamwamba kuti mpweya uzituluka, onjezani utuchi wouma, ndipo muwayendere cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, pamene chisanu chimakhala chikuyandikira pachimake.