Radiator ndaisamutsira pamwamba

Anzanga okonda makompyuta, dzulo ndinachotsa radiator yanga ya 360mm (chipangizo chotulutsa kutentha m'madzi oziziritsa kompyuta) kutsogolo kwa bokosi la kompyuta n'kuiika pamwamba. Ili kutsogolo CPU (ubongo wa kompyuta) inkazizira bwino ndithu, koma mpweya wofunda wonse unkathera pa GPU (chipangizo chokonza zithunzi zooneka pa sikirini).

Chimene chandipweteka mtima n'chakuti nthawi yonseyi ndinkagwiritsa ntchito mafani a airflow. Amenewa amafuna malo opanda chotchinga. Akakumana ndi tizitsulo tothithikana ta radiator, mpweya wambiri sudutsa. Ndaika atatu a static pressure a 120mm, okankha mpweya mwamphamvu pamalo othithikana, ndipo ndikaika dzanja pamwambapo ndikumva mpweya wotentha ukutuluka mwamphamvu.

Chonde, pampu yoyendetsa madzi m'mapaipi isakhale pamwamba kuposa radiator. Mpweya wotsalira m'mapaipi umakwera n'kukasonkhana m'pampumo, iyo n'kumamveka ngati madzi akubwata.