Sabata ya katoni yopita ku Banda

Lolemba m'mawa kunafika amayi ena achikulire ku ofesi yathu yotumiza katundu kunja, atanyamula katoni yomanga ndi chingwe, momwe munali juzi, nsapato ndi mabuku a mwana wawo amene akuphunzira pa Kyambogo University ku Uganda. Mwanayo amakhala ku Banda, dera la mumzinda wa Kampala lomwe lili pafupi ndi sukuluyo, ndipo nayenso dzina la bambo ake ndi Banda. Mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito atalemba dzinali pa kompyuta, makina anamubweretsera mndandanda wa malo, iye n'kusankha oyambirira osawerenga bwino, omwe anali Banda wa ku Uttar Pradesh, m'dziko la India. Cholakwacho ndinachitulukira Lachiwiri madzulo poona kuti ndalama zimene amayiwo analipira zinali zochuluka kuposa za katundu wopita ku Uganda, ndipo mwamwayi katoniyo inali isanachoke m'nyumba yosungira katundu.

Sindinamukalipire mnyamatayo, chifukwa kwa munthu wokulira kuno, Banda ndi dzina la munthu basi. Iye amadziwa Kamuzu Banda, Joyce Banda amene analamulira dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014, ndi Rupiah Banda wa ku Zambia, amadziwanso kuti Banda ndi Phiri ndiwo mafuko akuluakulu a Achewa. Choncho Lachitatu ndinakhala naye pansi n'kumuonetsa malo ena otchedwa dzina lomweli: mzinda wa Banda Aceh ku Indonesia, umene unasakazidwa ndi madzi osefukira a m'nyanja pa 26 Disembala 2004, zilumba za Banda m'dziko lomwelo, zimene Adatchi anazilanda mwankhanza mu 1621 pofuna zonunkhiritsa chakudya za nutmeg, boma la Banda ku Ghana, komanso mtundu wa anthu otchedwa Banda ku Central African Republic. Anadabwa kwambiri kumva kuti mayinawa angofanana katchulidwe, alibe ubale ndi mfunda wathu.

Lachinayi vuto lomweli linabwera mwa njira ina. Envulopu yochokera ku Johannesburg inali yolembedwa “J. Banda”, ndipo kunafika abambo awiri, aliyense ali ndi chiphaso cha unzika chosonyeza dzinalo. Ndinaimbira foni amene anatumiza, n'kuwafunsa mudzi ndi mfumu ya munthu wawo, ndipo apo mpamene mwini envulopu anadziwika, winayo n'kubwerera akudikirabe yake.

Lachisanu amayi aja anabwera kudzatenga ndalama zotsala. Ndinawalonjera kuti, “Mwaswera bwanji, Anabanda?” koma anandikonza mwaulemu kuti iwo ndi Naphiri, Banda ndi bambo a mwanayo. Ndinapepesa, ndinawawerengera ndalama zawo m'manja, ndipo ndisanaweruke ndinalembera akuluakulu kalata yopempha kuti fomu yathu izifunsa dziko poyamba, dzina la mzinda lizibwera pambuyo pake.