Fayilo yokwezedwera pa ntchito ndapereka, koma sitampa ija inandidya tsiku

Mtima wakhala pansi tsopano. Fayilo ya mapepala onse omwe ndalemba pa matenda obanika kupuma m'tulo ndaipereka Lachisanu. Anzanga ophunzitsa unamwino amene mukudikira nthawi yanu, yambani ndi ORCID, nambala yozindikiritsa wolemba kafukufuku. Ndi yaulere, ili ndi manambala 16, ndipo mukailumikiza ndi Crossref, bungwe losunga kaundula wa mapepala ofalitsidwa, pepala latsopano lokhala ndi DOI (nambala yozindikiritsa pepalalo pa intaneti) limalowa lokha, bola munapereka ORCID yanuyo potumiza pepalalo.

Dzina lilembeni mofanana pa pepala lililonse. Ine pena ndinalemba la kwathu, pena la kubanja, pena zilembo zoyambirira zokha, ndiye pa Scopus, nkhokwe ya pa intaneti yowerenga mapepala ndi omwe awatchula, ndinapezeka kuti ndine anthu atatu, aliyense ndi timapepala take. Mlandu ndi wanga. Kuwaphatikiza kumachitikira pa tsamba la Scopus lotchedwa Author Feedback Wizard, koma amayamba afufuza kaye, choncho musadikire sabata yomaliza.

Komiti yokweza anthu pa ntchito imafunsa h-index. Ikakhala 4, ndiye kuti muli ndi mapepala anayi omwe lililonse latchulidwa ndi ena kanayi kapena kupitirira. Ya pa Google Scholar imakwera kuposa ya pa Scopus chifukwa imawerenganso madisatesheni a ophunzira, ndiye lembani zonse ziwiri, nenani komwe mwazitenga ndi tsiku lake. Pepala limodzi likaoneka kawiri pamenepo, liphatikizeni, apo ayi omwe analitchula amagawanika.

Tsopano za ku ofesi yodinda mapepala. Wa pazenera anati pepala lililonse lisindikizidwe lonse, tsamba ndi tsamba, lidindidwe. Ndinalipira zosindikiza, ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko, mwini sitampa ali ku msonkhano, kiyi wa kabati ali m'thumba mwake. Atafika cha m'ma 3 koloko anangotsegula fayilo n'kuti, "Amayi, zonsezi za chiyani? Timangofuna tsamba loyamba, poonekera DOI." Funsani wodinda mwiniwakeyo, osati wa pazenera.

Ndinaiwala za kufufuza. Matendawa aku Britain amalemba apnoea, aku America apnea. Mukalemba kumodzi kokha, ena omwe anakutchulani simuwapeza. Pa PubMed, nkhokwe ya mapepala a zaumoyo, gwiritsani ntchito mutu wa MeSH (mawu okhazikika ofufuzira kumeneko) wakuti Sleep Apnea, Obstructive, ndipo muyang'anenso pa nkhokwe ina yotchedwa CINAHL, chifukwa magazini ena a anamwino amapezeka kumeneko kokha.

Ngati kafukufuku wanu anali wa STOP-Bang, fomu yosefera matendawa ya Frances Chung ndi anzake ku Toronto ya mu 2008, ikanimo kalata yokulolani kuigwiritsa ntchito. Fotokozaninso mwachidule kuti ndi mafunso 8 a inde kapena ayi, monga mkonono, kutopa masana, BP, BMI (muyezo wa kunenepa) yoposa 35 ndi zaka zoposa 50, ndipo wopeza 5 mpaka 8 ali pachiopsezo chachikulu. Nenani poyera kuti ndi sefa chabe. Matenda enieni amatsimikizidwa pomugoneka munthu pa makina n'kuwerenga kangati pa ola amabanika: 5 mpaka 14 ndi pang'ono, 15 mpaka 29 pakatikati, 30 kupita m'tsogolo kwambiri. Mukapanda kutero, dokotala wa m'komiti adzati mwanena zoposa zomwe munayeza, ndipo fayilo ibwerera.

Pepala lomwe mukutumiza mawa, dzina likhale lomwe lija, ORCID pambali pake.