Makala anga a mu TerraFirmaCraft

Poti chithunzi chija cha uvuni wanga wa makala chafika kale m'foni ya aliyense, ndisiyeni ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu. Eya, ndinapsereza mitengo yomwe ndinadula usiku utatu. Eya, ndine yemwe uja ndinkati TerraFirmaCraft, modi (chowonjezera) yomwe imasintha gemu ya pakompyuta ya Minecraft kuti ikhale yovuta, imaliza ana a m'tauni okha, ife okulira kumudzi tingodutsamo tikuimba mluzu.

Komatu poyamba zinkayenda, amangwetu. Mu Minecraft wamba mtengo umangouthira zibakera. Umu ayi: uyambe watola timiyala pansi, useme mutu wa nkhwangwa, uuzike pa kamtengo. Ndinasema. Mbiya ndinaumba n'kuwotchera m'dzenje, udzu 8 ndi zipika 8, inapsa bwinobwino. Ndiye nditamva kuti kusula chitsulo kumafuna makala, ndinaseka chikhakhali. Makala? Ine, mdzukulu wa munthu amene ankatsetsereka phiri ndi matumba atatu panjinga yopanda mabuleki?

Ndinaunjika zipika, kukwirira ndi dothi, kupeka moto, kutseka pamwamba. Kenaka kujambula n'kukutumizirani ndi mawu aja: "Phunzirani kwa eni ntchito."

Chomwe palibe anandiuza n'chakuti dothi la m'menemu limagumuka lokha ngati chimbudzi cha m'dzinja. Kachidutswa kamodzi kam'mbali kanangoti gumu! Moto kuona mpata, lawilawi.

Apa ndi pamene mukundinenapo, ndipo sindikana. Dothi lotsekera ndinali nalo m'thumba. Dzanja linali pa mawusi. Koma ndinangoima, kukamwa yasa. Chipika choyamba chapita, ine ndili chiimire. Mzere wonse wapita, ndili chiimire. Ndinafika poyamikira kuti anthu anaujambula bwino motowu. Ndinasenderanso pafupi pang'ono, ngati kuti ndiothe. Agogo akanadzuka kumanda, akanandilanda dzina la mtundu pomwepo.

Koma tinene zoona: katondo wakwathu ukamuponda amagwira, sathawa ntchito pakati pa usiku. Komanso agogo ankakhala ndi khasu ndi anyamata awiri olondera uvuni, ine ndinali ndekhandekha ndi kiyibodi yomwe W wake, batani loyendera kutsogolo, amakakamira. Zenizeni zomwe amanena opanga modi imeneyi n'zakwawo, osati zakwathu.

Ludzu litandigwira ndinathamangira kunyanja, madzi ake amchere. Pobwerera ndinakumana ndi chimbalangondo, ndipo sitinachedwe kukambirana.

M'mawa mwake mayi akunyumba akuti, "Bambo a mwana, makala atha." Ndinangotenga jumbo n'kupita kukagula. Anali onyowanso.