Mtengo wosasuntha unandinamiza

Masabata apitawa ndakhala ndikulimbana ndi mitengo ya masheya pa kompyuta yanga mpaka usiku. Ndimafuna kudziwa ngati misika ing'onoing'ono ya m'zigawo imamva nkhani msanga ngati ikuluikulu. Mfundoyi anaiyala bwino katswiri wa zachuma Eugene Fama mu 1970: msika ukamayenda bwino, mtengo wa lero umakhala utameza kale zonse zodziwika, moti mtengo wa dzulo sungakuuzeni za mawa. Ukakuuzani, ndiye kuti msikawo ukuwodzera.

Kayezedwe kake sikovuta. Ndinatsatira variance ratio ya Andrew Lo ndi Craig MacKinlay ya mu 1988. Mumawerengera kudumphadumpha kwa mitengo pa tsiku limodzi, n'kuyerekeza ndi kwa masiku asanu. Ngati tsiku lililonse likuyenda palokha, nambala ya masiku asanu iyenera kukhala ya tsiku limodzi ija kuchulukitsa kasanu.

Zaka ndinazigawa pawiri. Kwina nthawi ya bata, kwina nthawi ya chipwirikiti, monga miyezi yotsatira kugwa kwa banki yaikulu ya ku America ya Lehman Brothers pa 15 Seputembala 2008, komanso Malichi 2020, pamene ku New York malonda anaimitsidwa kanayi m'mwezi umodzi.

Mutu unandipweteka ndi nthawi ya batayo. Kampani ina mtengo wake unangoti zii, osasuntha kupitirira sabata. Ndinati eya, kukhazikika n'kumeneku. Koma nditayang'ana masheya amene anagulitsidwa masiku amenewo, ndinapeza ziro yekhayekha. Wogula kunalibe, wogulitsa kunalibe, mtengowo unali wakalekale. Masheya otere akachuluka mu index (nambala imodzi yosonyeza mitengo ya makampani ambiri pamodzi), nkhani ya Lolemba imadzaonekera Lachinayi, ndipo chiwerengero chimanena kuti mungathe kulosera mawa n'kupha makwacha. Kayeseni kugula pa mtengo wakalewo, muone ngati alipo angakugulitseni! Myron Scholes ndi Joseph Williams analikamba vutoli mu 1977, ine ndikulitulukira lero ngati lachilendo.

Pa chipwirikiti malonda amachuluka, nthawi zina mitengo n'kumatsika motsatizana masiku angapo, chifukwa wina akathawa mnzake amathawanso. Zikatero nambala imatha kutuluka yofanana ndi ya nthawi ya bata ija, koma chifukwa chake china. Apa mpamene ndimakangana ndi ofufuza amene amangoika nambala ziwirizi pambali n'kulengeza kuti msika wakuti "unaipa" kapena "unakonzeka". Nanga msika wa masheya wa ku Athens, m'dziko la Greece, umene unatsekedwa masabata asanu mu 2015, muyezapo chiyani?

Panopa ndikugwiritsa ntchito mitengo ya pa sabata, ndipo makampani ogona ndawaika padera. Chatsala ndi malire. Dzulo ndinasuntha tsiku loyambira chipwirikiti cha 2020 ndi masabata awiri okha, zotsatira za msika umodzi zinatembenuka. Ndiye mawa ndiyambiranso, ndi madeti atatu osiyana.